Kodi Zanzibar ndi dziko palokha kapena ndi Tanzania yomweyo?

Mwana wa pa Linga:
Abale ndithandizeni. Mng'ono wanga wapeza ntchito ya mu hotela ku Zanzibar ndiye kunyumba kuno takangana mpaka usiku, amalume akuti ndi dziko palokha poti kuli pulezidenti wake, ine ndimadziwa kuti ndi Tanzania basi. Komanso tauni yakeyo ili bwanji, mwana wokulira kuno ku Nkhotakota angakhaleko osavutika? Amayi sakugona nayo tulo nkhaniyi

Wa geni ya zitenje:
Achimwene musade nkhawa kwambiri. Ine ndikapita kokaoda ku msika wa Kariakoo ku Dar es Salaam nthawi zina ndimawoloka, pa boti yothamanga kuchoka pa Dar ndi maola awiri basi. Chilumba chachikulucho eni ake amati Unguja, chinzake ndi Pemba kumpoto komwe kuli ma clove ambiri. Tauniyo ili pawiri, kuli Stone Town kumene kumadzaza azungu, timisewu take tating'ono galimoto singalowe koma njinga ndi vespa, zitseko zamatabwa zosemasema, kenako mukawoloka msewu wa pa Darajani mwalowa ku Ng'ambo, uko nde kumakhala anthu wamba ndipo lendi yake yabwinoko. Ku Michenzani kuli ma flat ataliatali omwe anamangidwa nthawi ya Karume, pulezidenti woyamba wa Zanzibar. Kutentha kokha nde akonzeke, kwa kuno nkwamasewera, thukuta silimauma pathupi. Mvula yamphamvu imagwa Malichi mpaka Meyi, ina yocheperako cha mu Novembala

Aphunzitsi a ku Dwangwa:
Amalume anuwo sanalakwitse kwenikweni, inunso simunalakwe. Pa 12 January 1964 anthu anagwetsa ufumu wa Sultan, ndipo pa 26 April chaka chomwecho Zanzibar inaphatikana ndi Tanganyika nkukhala Tanzania, Nyerere ndi Abeid Karume ndi amene anasaina. Koma Zanzibar inasunga boma lakelake. Ili ndi pulezidenti wake, Hussein Mwinyi analowa mu 2020, ili ndi nyumba ya malamulo yake, nduna zake, ndipo za malo, zipatala ndi masukulu amayendetsa okha. Za asilikali, apolisi, ndalama ndi ubale ndi maiko ena nde zili mmanja mwa boma la mgwirizano. Nchifukwa chake ndalama ndi shilling yomweyo koma pa doko amakuonaninso pasipoti ngakhale mwadinditsa kale pa Songwe.

Chimene ine chimandisangalatsa ndi cha pansi penipeni. Tauniyo ili mchigawo cha Mjini Magharibi, kalembera wa 2022 anapezamo anthu pafupifupi 900,000, ndipo dera lililonse laling'ono amati shehia, mtsogoleri wake sheha. Ameneyu si wa magazi ngati ma gulupu athu ayi, amachita kuikidwa ndi boma, koma kalata zambiri zimayambira kwa iye. Mnyamatayo akapeza nyumba akadziwike kwa sheha msanga.

Gogo wa pa Jumbe:
Ana inu mukufunsa ngati nkutali, chonsecho Zanzibar inafika kuno kalekale. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika pa Nkhotakota pano cha mma 1840, ndipo makolo athu ankawolotsedwa nyanjayi pa madau, mabwato a matanga aja, kenako wapansi mpaka ku Kilwa, ku gombe la Tanzania, ambiri nkukathera pa msika wa akapolo wa ku Zanzibar. Msikawo unatsekedwa mu 1873, pamalo pomwepo pa Mkunazini amishoni a UMCA anamangapo tchalitchi chachikulu cha Anglican, mishoni yomweyi inadzafika ku Likoma ndi kuno. Mdzukulu wangayo akapeza tsiku akapiteko, akaone zipinda zapansi zija ndi maso ake, mwina muli magazi athu mmenemo. Chisilamu sichimudabwitsa, azana yoitanira anthu ku mzikiti amaimva kale mmawa uliwonse, kungoti kumeneko pafupifupi aliyense ndi Msilamu ndiye mwezi wa Ramadan asamadye pa msewu masana, ndipo makabudula asiye ku gombe.

Mwana wa pa Linga:
Zikomo nonse, ndawawerengera amayi mtima wakhalako pansi. Nanga za pepala logwilira ntchito, amatenga yekha kapena ndi abwana ake?

Wa geni ya zitenje:
Permit amayendetsa ndi olemba ntchitowo, asanyamuke asanaone pepala ndi kontrakiti yosainidwa. Ndipo ayambiretu Chiswahili pompano, pa daladala, minibasi zakumeneko, palibe amuyankhule chizungu