Mawu ojambula pa foni akukanidwa ku studio

Nangozo, Ulongwe:
Akuluakulu ndithandizeni. Ndangoyamba estágio (kuphunzira ntchito) pa wayilesi ya m'dera kuno ku Angónia, ndipo akumandituma kukacheza ndi alimi a kachewere cha ku Domue ndi ku Tsangano. Rekoda ilipo imodzi yokha, imayenda ndi akuluakulu, ine ndimadalira foni. Ndikatumiza mawu pa WhatsApp, a tekiniko akuti akumveka ngati munthu akulankhulira m'chitini, mphepo ili phuu, sangawaulutse. Kodi vuto ndi foni yangayi? Ya rekoda ndilibe.

aPhiri, Moatize:
Achemwali, mumajambula podina kamaikolofoni ka pa WhatsApp kaja?

Nangozo:
Eya, komweko.

aPhiri:
Vuto lagona pamenepo. WhatsApp imafinya mawu kuti apepuke, ndipo zimene yataya sizibwereranso. Jambulani ndi gravador, pulogalamu yojambulira mawu ya m'foni momwemo, musankhe WAV (mtundu wa fayilo wosafinya mawu) ngati ikulola, kenako potumiza dinani "documento". Ikapita choncho imafika monga munaijambulira. Muziikanso foni pa modo de voo (kachizindikiro ka ndege kaja), poti wina akaimba muli pakati pa kucheza, kujambula kumaduka.

Mayi Banda, Zóbuè:
Za documento ndi zoona, koma WAV ayi aPhiri, mwanayu megas amagula ndi ndalama yake. Mphindi imodzi ya WAV ya stereo imadya pafupifupi 10 MB, pamene MP3 ya 128 kbps imadya 1 MB yokha, ndipo pa FM palibe womvera angasiyanitse. Inu muli m'tauni, kumapiri kuja netiweki ndi yochita kusakasaka. China mwana wanga, ukayandikira malire foni imatha kugwira yokha TNM kapena Airtel ya ku Malawi. Lowa mu definições (ma settings a foni) usankhe pamanja Movitel kapena Vodacom, apo ayi uzingoona fayilo ikuzungulira osapita.

aPhiri:
Pa megas ndavomera, amayi. MP3 ikwana, bola isatsike pa 128.

aJere, Furancungo:
Nonse mwaiwala mphepo, chonsecho ku Tsangano ndiye kwawo. Phokoso la mphepo silichoka bwino pa kompyuta, ngakhale ndi Audacity, pulogalamu yokonzera mawu. Noise Reduction yake, yochepetsera phokoso, imathandiza pa phokoso losasintha, monga la jenereta, ndipo imafuna kuti ujambule masekondi angapo pamalopo wina asanalankhule. Mphepo uyenera kuigonjetsa kumunda komweko. Maikolofoni ya foni ili kumunsi, mbali yolowetsa chaja, ndiye mbali imeneyo ndi imene iloze kukamwa kwa mlimi, motalikira ngati chikhatho chimodzi. Uiveke kasiponji kapena sokosi yoyera, iwe uime mofulatira mphepo, kapena mupite kuseri kwa nkhokwe. Usanatsanzike mvetsera ndi mahedifoni. Kubwereza funso munthu akadali pomwepo n'kosavuta, koma kubwerera pa njinga yamoto mawa lake ndi ndalama ina.

Ndiwonjezeko za ntchito yeniyeniyo, poti izi zimandikhudza. Uyambe ndi kumuuza munthu kuti mawu ake amveka pa wayilesi, avomere ali kujambulidwa, atchule yekha dzina ndi mudzi wake. Akanena mtengo wa kachewere umufunse ngati ndi wa thumba kapena wa ndowa, komanso ngati ndi meticais kapena makwacha, chifukwa m'misika ya m'malire ndalama ziwirizi zimayendera limodzi. Mtengo wolakwika ukauluka, mlimi wina amakagulitsa motchipa chifukwa cha ife. Ukhozanso kukafunsa a SDAE, ofesi ya boma yoona za ulimi ndi zachuma m'distrito, kuti nkhani ikhale ndi mbali ziwiri.

Mayi Banda:
Ndipo ma audio ongotumizirana m'magulu, amene sukudziwa anajambula ndani, liti, kuti, usawapereke ku studio ngakhale amveke bwino chotani.

Nangozo:
Zikomo kwambiri makolo anga. Lero ndinali kumsika, ndaveka siponji, ndatumiza MP3 ngati documento, ndipo a tekiniko aulutsa pa nkhani zamadzulo. Chatsala n'chakuti mafayilo onse akutchedwa "Gravação", ndikusokonezeka nawo.

aPhiri:
Mukangomaliza kujambula sinthani dzina: tsiku, malo, mutu wa nkhani. Mukafika pa wayilesi koperani pa kompyuta ndi pa flash musanafufute m'foni.