Kathirakitala ka fowilu kadyanso kapulingi wa shafiti ya kutsogolo

Spanala 17: Akuluakulu ndigawireni nzeru. Ndili ndi kathirakitala ka kasitomala, timene tija ta fowilu (tokoka ndi matayala onse anayi), kali ndi lodala (baketi yonyamulira katundu) kutsogolo. Ulendo woyamba kanabwera matayala a kutsogolo sakukoka, nditachotsa kavala wa shafiti yochoka ku giyabokisi kupita ku ekiselo ndinapeza kapulingi, kachitsulo kolumikiza mashafiti, mano onse atha kwangotsala fumbi lofiira. Ndinaika watsopano koma kabweranso, mano adyekanso, ndipo dalaivala akuti liva ya fowilu imakana kuchoka mpaka atabwerera m'mbuyo pang'ono. Mwini wake akuti ndinamuikira chitsulo cha feki, zafika pondinyoza.

Wa Dizilo: Aise munapaka girisi pa masiplaini, mano a shafiti ndi kapulingi aja? Fumbi lofiira limenelo ndi dzimbiri, mano akamayenda ouma amapalana okhaokha. Komanso mano a pa shafiti penipenipo ali bwanji, chifukwa kapulingi watsopano pa shafiti yakutha amagwedera kuyambira tsiku loyamba.

Spanala 17: Girisi ndinapaka wa moly, pini ndinaika yatsopano. Shafiti inali ndi timizere koma sinali yotaya.

Mdala wa Magiya: Musiyeni kaye kapulingiyo, iye wangofera za eni. Mawu amene ndagwira ine ndi oti liva imakana kuchoka. Liva ikamakana ndiye kuti shafiti yapotoka, kutsogolo ndi kumbuyo zikulimbana. Timathirakitala timeneti tilibe difu ya pakati yolola kutsogolo ndi kumbuyo kuyenda pa liwiro losiyana, mukalowetsa fowilu ma ekiselo awiriwo amamangidwa pamodzi ndi magiya basi, ndiye anawapanga kuti matayala a kutsogolo aziyenda mofulumirako pang'ono kuposa a kumbuyo, pakati pa 1 ndi 5 peresenti. M'munda dothi limalola tayala kuterereka ndiye mphamvu yotsalayo imathera pansi, koma pa tala kapena pa simenti palibe koterera, yonse imabwerera m'zitsulo ndipo chofooka ndi chimene chimayamba kufa. Tandiwerengereni manambala a pa matayala onse anayi achimwene, muyerekeze ndi a m'buku lake.

Spanala 17: Madala mwalasa. Buku likuti kutsogolo 7-16, koma apa pali 8-16 atsopano, mapanga ake akuthwa. A kumbuyo ndi saizi yake koma atha kwambiri.

Mdala wa Magiya: Basitu. Tayala lalikulu kutsogolo, lakutha kumbuyo, zonse zikukankhira mbali imodzi. Koma osangokhulupirira ine, yezani. Popani matayala mphweya wa m'buku, lembani choko pa tayala la kumbuyo ndi la kutsogolo, pezani malo osalala owongoka. Fowilu ili yochotsa yendetsani pang'onopang'ono tayala la kumbuyo lizungulire ka 10, wina aziwerenga la kutsogolo, ndi kachidutswa komwe. Kenako lowetsani fowilu mubwereze. Nambala yachiwiri muigawe ndi yoyamba, chopitirira pa 1 ndicho chikuuzeni kuti kutsogolo kukufulumira ndi maperesenti angati. Chitani mwini wakeyo akuona, anthu amenewa sakhulupirira pakamwa pa makaniko.

Mayi Makaniko: Ine nkhawa yanga ili ku mapeto a ekiselo. Ngati yakhala ikulimbana choncho ndi lodala pamwamba, kapulingi sangakhale yekha wovulala. Imikani kutsogolo pa jeke, gwirani tayala pamwamba ndi pansi muligwedeze, likamasewera ndiye bering'i yayamba kutha. Pa ma Kubota, Yanmar ndi ena ambiri kumapetoko kuli magiya a bevel, aja okumana mopingasa, bering'i ikangomasuka mano sakumananso bwino ndiye amayamba kubenthuka m'mphepete. Tsitsani oilo mbali zonse ziwiri, aliyense m'chitini chake choyera, muone ndi tochi. Kunyezimira pang'ono ngati fumbi si nkhani, koma mukapeza tizidutswa togwirika ndi zala tsegulani basi. Akaoneka ngati mkaka ndiye madzi analowa, silu yotchinga oilo yapita, ndipo nthawi zambiri mupeza chingwe kapena waya atazengezeka kuseri kwa habu, pomangira tayala paja, ndi amene wadula siluyo.

Wa Dizilo: Pothira oilo watsopano musathamange aise. Oilo wa 80W-90 ndi wolemera, amatenga nthawi kuti atsikire ku mapeto, mumaona ngati yadzaza kenako mawa levulo yatsika. Onaninso mukayendetsa. Ena amathira oilo wa hayidiroliki yemweyo ngati buku likulola, onani lanu.

Spanala 17: Ndayeza mwini wake ali pompo. Popanda fowilu 13.7, ndi fowilu 15. Ndiye ikupitirira 9 peresenti kkkk bwana angoti kukamwa yasa. Dalaivala waululanso kuti fowilu sachotsa olo pa msewu, akuti ndi mchenga m'baketi kumbuyo kumapepuka ndiye popanda fowilu mabuleki sagwira potsetsereka. Oilo wa kumanzere ali bwino, wa kumanja muli tizitsulo ndipo tayala likugwedera.

Mayi Makaniko: Dalaivalayo sakunama, mabuleki ali kumbuyo kokha, kumbuyo kukanyamuka amadalira fowilu kuti aime. Koma mankhwala ake ndi kulemeza kumbuyo, apachike bokosi la simenti kapena chipangizo cholemera pa three point (pokolekera zipangizo kumbuyo kwa thirakitala), katundu achoke pa ekiselo ya kutsogolo. Madzi m'matayala amathandiza kugwira pansi koma sapepuza kutsogolo, chimene chimapepuza ndi cholemera chili kuseri kwa ekiselo ya kumbuyo. Potsetsereka ndi katundu alowetse ndithu, akafika pa msewu wosalala achotse.

Mdala wa Magiya: Kumanjako tsegulani, ndipo mashimu, timawashala topyapyala toikira magiya pamalo pake, muwasunge momwe mwawapezera, osasakaniza. Giya imodzi ikabenthuka sinthani zonse ziwiri, yatsopano pa yakale imalira ndipo sikhalitsa. Mukamanga yezani backlash (kampata ka pakati pa mano) ndi dial gauge, kachipangizo koyezera kooneka ngati wotchi, nambala ili m'buku, kenako pakani utoto pa mano muzungulize muone ngati akukumana pakati. Shafiti ija yadya makapulingi awiri ine sindingaibwezeremo.

Spanala 17: Bwana avomera ma 7-16 ndi shafiti, koma a kumbuyo akuti adikire kaye.

Mdala wa Magiya: Ndiye mukaika ma 7-16 mubwerezenso za choko zija musanaipereke, ndi a kumbuyo akuthawo ikhoza kukhalabe pamwamba pa 5. Mutiuze nambala.