Ndaonana ndi mnzanga wakale ku Joni koma nkhani inakana kuyenda

Wa_Thiraki_Ndirande:
Abale, ndithandizeni maganizo. Ndimayendetsa thiraki, Blantyre mpaka Johannesburg, nthawi zina Beira. Tsopano zakwana zaka 6, ndipo pamwezi kunyumba ndimagonako masiku anayi basi.

Pamsewu anzanga sindisowa. Tsiku lina ejenti atachedwetsa mapepala tinakhala masiku 3 pa boda ya Nyamapanda, ine, dalaivala wina wa ku Chipata ndi wina wa ku Tete. Wa ku Chipata anali ndi mbaula, ine ufa ndi usipa, wa ku Tete tomato ndi mafuta. Nsima tinkaphikira mumthunzi wa thirela, iye akuyankhula Chinyungwe chake, ife chathu, tikumvana ndithu. Mpaka lero timauzana pa WhatsApp kuti mzere wa pa boda ya Beitbridge wafika pati.

Tsono nkhani ndi iyi. Pali mnzanga amene tinakulira limodzi, tinkamenya mpira wachikulunga mpaka mdima. Anapita ku Joni mu 2011. Ndinamupeza pa Facebook, tinapangana zokumana pafupi ndi Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima. Anabwera, tinakumbatirana, anandigulira nkhuku ndi tchipisi. Titangomaliza kufunsana za kumudzi, zii. Iye maso pa foni, ine ndikungopotokola kapepala kopukutira m'manja. Ola lisanathe anati ali ndi shifiti. Kodi mwezi wamawa ndimuimbirenso, kapena ubwenziwo unathera paubwana pomwepo?

Mayi_wa_Geni:
Achimwene, muimbireni. Ine ndimakwera basi ya ku Joni kukapikula katundu, matchona ndimawadziwa. Munthu wochokera kumudzi akawafuna, mtima umakhala m'mwamba, akudikira kuti apemphedwa ndalama kapena afunsidwa kuti mubwera liti. Ena masiku 30 amene anawadindira m'pasipoti anatha kalekale, ndiye funso limenelo limawalasa.

Komanso malo munasankhawo si ochezera. Pa Park Station aliyense dzanja lili pathumba. Mukamuonere kumene amakhala, ngakhale kakhale kachipinda kamodzi. Mumutengere nsinjiro, utaka wouma ndi botolo la Sobo. Mnzanga wina wa kusekondale ndinamupeza ku Mayfair, poyamba ankandiyankha ngati ndabwera kudzatolera ngongole. Ulendo wachiwiri ndinamutengera mfutso, tinaphika wotendera, mkazi uja anaseka mpaka kugwetsa chipande. Tinagona cha m'ma 2 koloko, tikukumbutsana aphunzitsi.

Mtchona_wa_Durban:
Aise, ine ndine wa mbali inayo, ndili kuno zaka 14. Ndikufunseko, pofunsana za kumudzi paja unamuuza chiyani? Chifukwa anthu mukabwera mumayamba ndi kuwerenga maliro. Auje anatisiya, auje tinaika chaka chatha, amalume ako aja matenda anawatenga. Ife maliro amenewo sitinakhale nawo, ena tinangotumiza kachipepeso mochedwa, ena sitinamve n'komwe. Ukamva mayina anayi motsatizana chakudya chimakanika kummero, ndiye umangogwira foni. Wina n'kumati tayamba matama. Ayi, ndi manyazi.

China, usaseke akasakaniza Chizulu. Ine ndinanenapo "yebo" kwa msuweni wanga, nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike kunyumba.

Kondakitala_Wakale:
Bwana, anzanu a pambaulawo musawayerekeze ndi uyu. Amenewo mumagwirizana chifukwa dzuwa la ku Tete limakuwotchani limodzi ndipo nkhani ndi ya dizilo ndi matayala. Sali oipa ayi, ndi amene angakukokeni thiraki ikafa pakati pa Masvingo ndi Beitbridge. Koma dzina la amayi anu sakulidziwa. Langa ndi limodzi lokha: mukagwirizananso, adzayamba kukupatsirani katundu wa kumudzi. Chikwama chilichonse muzitsegulira pamaso pake, ngakhale munkagawana chinangwa muli ana. Pa boda wofunsidwa ndi inu.

Wa_Thiraki_Ndirande:
A Durban mwandigwira pakamwa. Ndinamuwerengeradi maliro, ndipo amodzi anali a agogo ake omwe anamulera. Ine ndimayesa akudziwa zonse, mwina tsatanetsatane anamumvera kwa ine tsiku lomwelo, pamaso pa anthu.

Ndamulembera usiku wapitawu, wayankha kuti Lamlungu salowa ntchito ndipo wanditumizira pomwe amakhala. Wapempha ufa woyera wa kuchigayo, akuti wa m'mashopu a kumeneko nsima yake siimufika pamtima. Mayi a geni, nsinjiro mumasunga bwanji kuti zisachite fungo? M'kabini mwanga mukatentha pa Tete mumakhala ngati mu uvuni.

Mayi_wa_Geni:
Musasinjiretu. Tengani mtedza wosenda m'kathumba ka nsalu, osati ka pulasitiki, mukasinjira konko. Mtondo akakhala alibe, botolo ndi thabwa zimagwira.