Kodi makapisozi a bowa wa reishi angathandizedi wodwala shuga?

Chitsinde:
Moni nonse. Mayi anga akhala akudwala shuga kwa zaka 8, ndipo amamwa metformin m'mawa ndi madzulo. Mwezi watha mlamu wanga adawabweretsera botolo la makapisozi a bowa wa reishi, pomwe padalembedwa kuti amatsitsa shuga ndi kulimbitsa chitetezo cha m'thupi. Usiku wina ndidawapeza ataika mapiritsi akuchipatala pambali, akumeza makapisozi awiri a bowawo, nandiuza kuti atopa ndi mankhwala osachiritsa. Mtima wanga uli m'mwamba. Kodi mu bowa ameneyu muli chiyani kwenikweni, ndipo angalowe m'malo mwa mankhwala awo?

Mphandadzuwa:
Achimwene, funso lanu ndi lofunika. Mu bowa muli zinthu zamphamvu ndithu, makamaka ma beta-glucan, omwe amamatirira ku maselo oteteza thupi n'kuwadzutsa kuti agwire ntchito mwachangu. Dziko la Japan lidavomereza mu 1977 mankhwala otchedwa PSK, ochokera ku bowa wa Trametes versicolor womera pa zipika zowola, ndipo mu 1985 lidavomerezanso mankhwala ena otchedwa lentinan, ochokera ku bowa wa shiitake. Koma onani bwino mmene amagwiritsidwira ntchito: onsewa ndi mankhwala oyengedwa, operekedwa ndi dokotala kwa odwala khansa, makamaka ya m'mimba, pamodzi ndi chemotherapy (mankhwala opha maselo a khansa), ndipo lentinan amalowa kudzera m'mtsempha. Palibe mwa awiriwa amene adapangidwa kuti ayime payekha.

Pa nkhani ya shuga umboni ndi wofooka kwambiri. Bungwe la Cochrane, lomwe limaunika kafukufuku wa zaumoyo, lidaunika mu 2015 kafukufuku wa reishi pa anthu odwala shuga wa mtundu wachiwiri, ndipo silidapeze kuti amatsitsa shuga, mafuta a m'magazi kapena kuthamanga kwa magazi. Zambiri zolembedwa pa mabotolo zimachokera ku zoyesa pa makoswe ndi pa maselo a m'labotale, pomwe thupi la munthu wachikulire wodwala zaka zambiri silimvera mofanana ndi khoswe. Chonde mayi abwerere ku metformin lero lomwe, chifukwa shuga wokwera amawononga maso, impso ndi mitsempha ya kumapazi mwakachetechete, munthu akudzimva ngati ali bwino.

Nyenyezi:
Ndiwonjezereko pa za kuopsa, chifukwa mawu akuti "zachilengedwe" amagonetsa anthu tulo. Reishi amatha kuchedwetsa kuundana kwa magazi, choncho amene akumwa mankhwala oletsa magazi kuundana monga warfarin kapena aspirin, kapena akuyembekezera opaleshoni, ayenera kuuza dokotala asanayambe. Madokotala adalembaponso za anthu ena amene chiwindi chawo chidavulala atamwa ufa wa reishi. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi chaga, bowa winanso wogulitsidwa ngati mankhwala, wakuda, womera pa mitengo ya birch kumayiko ozizira. Ali ndi oxalate wochuluka, chinthu chomwe chimaunjikana mu impso n'kupanga timiyala, ndipo alipo odwala amene impso zawo zidawonongeka atamwa ufa wake tsiku ndi tsiku kwa miyezi. Wodwala shuga impso zake zili kale pachiswe. Tengani botololo popita kusikelo ya shuga kuti adokotala aone okha zimene zasakanizidwamo.

Mphandadzuwa:
Zoona achemwali. Ndinaiwala kunena kuti zina mwa zogulitsidwazi sizipangidwa ndi bowa weniweni, koma ndi ulusi wake womeretsedwa pa mpunga kapena oats, n'kupera zonse pamodzi, motero mbali yaikulu ya ufawo imakhala sitachi. Bowa wodya ngati ndiwo ndiye sindikumutsutsa konse: sakweza shuga, ali ndi mafuta ochepa, ndipo akayanikidwa padzuwa amapanga vitamini D2.

Chitsinde:
Ndathokoza kwambiri nonse awiri. Ndakambirana ndi mayi mofatsa, osawakalipira, ndipo ndazindikira kuti chowafooketsa chachikulu ndi kutsegula m'mimba komwe kumawagwira akamwa metformin asanadye. Amwa mapiritsi awo madzulo ano atatha kudya. Lachinayi ndiwaperekeza kuchipatala, botololo lili kale m'chikwama, ndipo ndikapempha kuti awayeze shuga wa miyezi itatu komanso impso.