Ndayamba kujambulira nyuzipepala, ndigule chani kaye?

kamera_imodzi:
Akuluakulu moni nonse. Ndakhala ndikujambula maukwati kwa zaka ziwiri ndiye pano mwayi wapezeka woti ndizitumiza zithunzi ku nyuzipepala ina, amalipira chithunzi chikatuluka. Vuto ndi zida. Ndili ndi Nikon D3200 ndi kalenzi kaja kobwera nayo ka 18-55, batire limodzi, khadi limodzi, basi. Dzulo anandituma ku msonkhano wa atolankhani mu holo ina yamdima, zithunzi zonse mbwerekete, munthu akangogwedeza mkono basi chithunzi chaonongeka. Anzanga pamenepo aliyense makamera awiri awiri mmapewa mpaka ine manyazi kutulutsa kanga. Ndalama yomwe ndasunga ikukwana chinthu chimodzi chokha. Ndigule kamera ina kapena lenzi?

wakale_pa_ntchito:
Achimwene manyaziwo asiyeni kaye, tonse tinayambira pomwepo. Makamera awiri aja sikuti ndi matama ayi, ina amaikapo lenzi ya 24-70 yojambula zapafupi, ina ya 70-200 yokoka zakutali, kuti zinthu zikamachitika asamataye nthawi ndikusintha lenzi, chifukwa nduna siidikira kuti inu mumalize kumasula, komanso kumasulamasula panja kumalowetsa fumbi pa sensa, kachipangizo kolandira chithunzi mkati mwa kamera. Koma inu simunafike pamenepo. Gulani lenzi.

Kalenzi kanuko mukakakokera ku 55 kamatsegula mpaka f/5.6 basi (nambala ya f ikakula ndiye kuti bowo lolowera kuwala lachepa), ndiye mu holo kamera imakakamizika kuchedwetsa shata, kachitseko kamene kamatseguka nkutseka pojambula, nchifukwa chake mikono ikutuluka ngati utsi. Pezani 35mm f/1.8, imalowetsa kuwala kopitirira ka 8 kuyerekeza ndi f/5.6 ija, ndipo pa kamera yanuyo imaoneka ngati 50mm poti sensa yake ndi yaing'ono. Chenjezo, D3200 ilibe mota ya fokasi mkati, ndiye onetsetsani kuti pa lenzipo palembedwa AF-S, kutanthauza kuti lenziyo ili ndi mota yakeyake. Wina akakunyengererani 50mm yakale ija ya D pamapeto mudzakhala mukupotokola fokasi ndi manja tsiku lonse.

Munthu akamayankhula shata isatsike pansi pa 1/250 ya sekondi. ISO, ija imathandiza kuti chithunzi chiwale mumdima, musaiope, ikwezeni ngakhale 3200. Chithunzi chokhala ndi timadontho tobwera chifukwa cha ISO yokwera mkonzi amachilandira, papepala la nyuzi sitioneka nkomwe, koma chogwedera amangochitaya osakuuzani nkomwe chifukwa.

Chenji ikatsala, batire lachiwiri ndi khadi lachiwiri. Ine tsiku lina ndinadikira pakhoti kuyambira mmawa, ndikumangoyatsa kamera kuonera zithunzi zakale poti ndinalibe chochita, pamene munthu yemwe ndimamudikirayo amatuluka chamadzulo apolisi atamugwira uku ndi uku ndinangodina kawiri kamera thi. Zonse zinatenga mwina masekondi 10, galimoto yapita. Mawa lake chithunzi chili patsamba loyamba la anzathu, ine ndikufotokoza za batire kwa bwana, sanandiyankhe nkomwe anangondiyang'ana.

mayi_wa_pa_desiki:
Za lenzi akuluwa anena zoona, ine ndionjezere za mbali yathu ife olandira zithunzi, chifukwa ana ambiri ochokera ku maukwati amagwera apa osati pa kamera. Ku ukwati mumakhala ndi sabata yonse yokonza zithunzi. Kuno ndikufuna chithunzi msonkhano usanathe nkomwe. Jambulani JPEG, mtundu wa chithunzi chokonzeka kale kutumiza, kapena RAW (chosakonzedwa, chodya malo ambiri) ndi JPEG pamodzi ngati khadi likulola, muponyere mu foni mutumize. Ngakhale kampani yofalitsa nkhani ya Reuters mu 2015 inauza ojambula ake apadera kuti azitumiza zithunzi zojambulidwa mu JPEG, nkhani yake inali liwiro komanso kuchepetsa kukonzakonza.

Ndipo chonde musanditumizire zithunzi 200 kuti ndisankhe ndekha. Zisanu kapena zisanu ndi chimodzi zakwana, china chotambalala choonetsa malo onse, china chapafupi cha nkhope, china choimirira china chogona poti simudziwa mpata womwe watsala patsamba.

Koma chachikulu ndi kapishoni, mawu ofotokozera chithunzi aja. Ndani, akutani, kuti, liti. Mayina kuyambira kumanzere kupita kumanja, ndipo dzina mumufunse mwini wake alembe yekha mu kabuku kanu, osamangomvera mmakutu. Chithunzi chokongola chopanda mayina kwa ine nchachabe, sindingachiike. Konzaninso wotchi ya mu kamera, anthu amaiwala, chithunzi chalero nkumaonetsa chaka china, tsiku lomwe wina adzatsutse kuti sanali pamalopo mudzaufuna umboni umenewo.

Chomaliza mwanawe, chizolowezi cha ku ukwati chofufuta ziphuphu ndi kuchotsa waya kumbuyo kwa mkwatibwi chisiyireni komweko. Kampani yofalitsa nkhani ya AP inasiya kugwira ntchito ndi Narciso Contreras mu 2014 chifukwa chofufuta kamera ya mnzake yomwe inaonekera pakona ya chithunzi cha ku Syria, munthu woti chaka chapitacho anali mgulu lomwe linapata mphoto yaikulu ya utolankhani ya Pulitzer. Kamera chabe pakona. Adnan Hajj naye Reuters inamuchotsa mu 2006 ataonjezera utsi pa chithunzi cha mzinda wa Beirut, ndipo zithunzi zake zonse anazichotsa mu nkhokwe yawo.

wa_mmbali_mwa_bwalo:
Ine nditsutseko pang'ono kkkk. 35 ija ndi bho mu holo koma tsiku lomwe adzakutumeni ku mpira mudzalira aise, osewera adzaoneka ngati nyerere. Afunseni kaye akonziwo kuti azikutumani kwambiri kuti. Ngati ndi masewero bola 70-300 yogwirapo kale ntchito, masana imakwana ndithu, shata 1/1000 kupita mmwamba. 70-200 f/2.8 ndiye mfumu koma mtengo wake ndi kulemera kwake, kilo imodzi ndi theka pakhosi mphindi 90 si masewera. Zina zomwe sakuuzani, jumbo ya pulasitiki mchikwama nthawi zonse chifukwa cha mvula, kansalu kopukutira lenzi osati malaya anu, ndi nsapato zoti mutha kuthamanga nazo. Ntchitoyi kwambiri ndi kudikira, kenako zonse zimachitika nthawi imodzi muli cheucheu.

kamera_imodzi:
Zikomo kwambiri nonse, ndaphunzira. Anandiuza kuti pakadali pano ndi misonkhano ndi makhoti ndiye ndipita ndi 35 ija ndi batire. Koma mayi mwandiopsa, ndiye kuti ngakhale kudula mmbali kapena kuwalitsa chithunzi chakuda nkoletsedwa? Chifukwa za dzulo zija ndinaziwalitsa zonse ndisanatumize.

mayi_wa_pa_desiki:
Ayi kudula mmbali ndi kuwalitsa pang'ono palibe mlandu, bola chioneke mmene maso anu anaonera pamalopo. Choletsedwa ndi kuchotsa chomwe chinalipo kapena kuikapo chomwe panalibe, komanso kuuza anthu kuti bwerezaninso kugwirana chanza kuja kenako inu nkulemba ngati zinangochitika zokha. Ndipo poduladula samalani, mukadula munthu yemwe akusintha tanthauzo la nkhani ndi bodza lomwelo. Zoyambirira za mu khadi musafufute, koperani pa kompyuta musanapange fomati yopukuta khadi lonse, tsiku lina mkonzi adzakufunsani kuti tione chomwe chinatuluka mu kamera.