BMW yakuda ya madam ikuoneka timizere padzuwa, ndigule chani?

Yamikani, Randburg:
Moni nonse akuluakulu, ndine mng'ono wake wa Gift, andilowetsa mugulu muno sabata yatha. Ndapeza ntchito ya mugadeni kuno koma Loweruka lililonse ndizitsukanso magalimoto awiri, Hilux yoyera ya bwana ndi BMW yakuda ya madam. Hilux ilibe vuto koma yakudayi ikaima padzuwa penti yonse ikuoneka timizere tozungulirazungulira ngati ukonde wa kangaude, akuti anaononga ndi amene analipo ine ndisanabwere. Andipatsa R500 kuti ndikagule zotsukira. Mugalaja ndapezamo ndowa imodzi, siponji yachikasu, Sunlight ndi shami (kachikopa kopukutira madzi) youma gwa. Ndithandizeni ndisanakalowe mushopu

Gift, Durban:
kkkkk Sunlight ndi wa mbale ase, usiye kukhitchini

Che Saidi, Mayfair:
Mphwanga takulandira. Usanathamangire kogula mva kaye chimene chimabweretsa timizereto, chifukwa ukhoza kugula shampu wodula ndithu koma mizere nkumaonjezekabe. Chimene chimakala penti ndi mchenga. Fumbi la ku Joni kuno makamaka miyezi ino ya June ndi July kopanda mvula limakhala pagalimoto, iwe ukatenga siponji nkuyamba kupukuta ndiye kuti ukukhuta penti ndi mchengawo, ukaviika siponji mundowa mchenga watsala m'madzi, ukaitulutsa wautenganso, basi galimoto yonse kuzungulira ndi mchenga womwewo. Siponji ndi yafulati ilibe pobisa mchenga. Pagalimoto yoyera sizioneka, nchifukwa chake Hilux ukuti ilibe vuto, koma nayonso ili nato timizereto.
Ndiye choyamba gula ndowa yachiwiri. Ina ya sopo, ina ya madzi okha. Ukapukuta chitseko chimodzi tsukuluza m'madzi okhawo, finya, kenako uviike mu sopo. Pansi pa ndowa ena amaikamo kachipulasitiki kamabowo kotchedwa grit guard kuti mchenga ukamira usadzukenso, ukakapeza gula, ukapanda kukapeza ingosamala kuti dzanja lisamafike pansi pa ndowa.

Yamikani, Randburg:
Zikomo madala. Nanga m'malo mwa siponji?

Che Saidi, Mayfair:
Golovesi ya microfibre ija yokhala ndi tizingwe tonenepa, ku Midas kapena AutoZone ungonena kuti wash mitt akupatsa. Tenga ziwiri zosiyana mtundu, ina ya pamwamba ina ya kumunsi kwa zitseko ndi mabampala komwe kumakhala matope. Shampu ngati ndalama yachepa Shield ali bho, ndi wa konkuno ndipo amapezeka paliponse. Ineyo ndimakonda Meguiar's Gold Class chifukwa amaterera bwino, dzanja limangoyenda lokha, koma mtengo wake pa R500 yakoyo utsala ndi zochepa. Turtle Wax ali pakatikati. Werenga muyezo pabotolo, osangothira kuti thovu lichuluke, thovu lambiri si ukhondo.
Za sopo wa mbale Gift sakunama, anapangidwa kuti azichotsa mafuta ndiye amachotsanso wakisi amene ali pa penti, ndipo mukapitiriza malabala ndi mapulasitiki akuda aja amayamba kutuwa.

Gift, Durban:
Koma madala tinene zoona, ife kulenki ya mataxi kuno Quantum imabwera dalaivala akuti mphindi khumi ndikunyamuka, za ndowa ziwirizo ndani angazikwanitse kkkk. Ndowa imodzi, bulashi yaitali, basi yapita

Che Saidi, Mayfair:
Quantum ndi yoyera ndipo mwini wake akuwerenga matiripi, sayang'ana penti. Mng'ono wakoyu ali ndi madam amene aziima pakhonde ndi khofi kuyang'ana boneti. Usamuphunzitse za kulenki

Bambo a Tadala, Bellville:
Ndionjezepo pa zimene anena a Saidi. Dongosolo lake nalonso ndi nkhani. Yamba matayala ndi marimu, ndi ndowa yawo komanso bulashi yawo, chifukwa fumbi lakuda la mabuleki lija muli tizitsulo, likafika pa penti ndi chimodzimodzi sandipepa, ndipo BMW imatulutsa lambiri fumbi limenelo kutsogolo. Ukamaliza matayala thira madzi galimoto yonse kuti mchenga wambiri utsike wokha usanaikhudze. Kenako denga, magalasi, boneti, buti, zitseko kumtunda, kumunsi pomaliza. Dzanja liziyenda mowongoka, kupita ndi kubwera, osazunguza, komanso osakanikiza. Kansalu kakagwa pansi pa peving'i basi katha ntchito tsiku limenelo, usati ungokakung'untha, kaponye kochapa utenge kena.
Ndipo osatsuka dzuwa lili pamutu. Galimoto yakuda imatentha moti sopo amauma usanafike mbali inayo, amasiya madontho. Mamawa kapena pamthunzi, gwira boneti ndi dzanja, ngati ikutentha dikira.

Yamikani, Randburg:
Pano amagwiritsa madzi a borehole kugadeni, ndi omwewo ndingatsukire?

Bambo a Tadala, Bellville:
Ukhoza koma usawalole aume okha pagalimoto. Madzi apansi nthawi zambiri amakhala ndi laimu, akauma amasiya timadontho toyera tolimba, pagalimoto yakuda timaoneka patali ndipo tikakhalitsa padzuwa timadya penti. Uzipukuta msanga. Onanso kuti masipurinkila a kapinga sakuwaza pomwe madam amaimika galimoto, ambiri amaononga penti ndi zimenezo osadziwa kenako mlandu nkugwera wotsuka.
Ife kuno ku Cape Town za madzi tinaphunzira mokakamizidwa mu 2018 nthawi ya chilala ija ankaitcha Day Zero, kuyambira February munthu mmodzi amaloledwa malita 50 patsiku ndipo kutsuka galimoto ndi madzi a khansolo kunali koletsedwa. Ma car wash ambiri anapulumukira pa borehole, madzi amvula a m'mathanki ndi mankhwala otsukira opanda kutsukuluza. Alipo otchedwa Optimum No Rinse, umathira pafupifupi 30ml mu malita 8 a madzi, umaviikamo tinsalu tambiri, kansalu kamodzi mbali imodzi, nkupukuta ndi kouma. Ndowa imodzi galimoto yatha. Koma ndi za galimoto ya fumbi chabe, ya matope a kufamu ayi.

Gift, Durban:
Shami ija asataye, ingoiviika m'madzi ifewa. Ine shami ndimaikhulupirira, microfibre ikanyowa yanyowa

Che Saidi, Mayfair:
Shami imamwa madzi inde koma vuto lake ndi lomwe lija la siponji, kamchenga kamodzi kakatsalira imakakoka boneti yonse. Pa galimoto yakuda thawulo lalikulu la microfibre, uliyale pa boneti nkulikoka pang'onopang'ono kapena kungolisindikiza. Shami ikhale ya Hilux ndi mkati mwa zitseko

Nachisale, Pretoria East:
Azibambo mwalankhula za kunja zokhazokha, mkati mwaiwala, pomwe madam amakhala ndi mkatimo. Achimwene a ku Randburg mvetserani. Mr Min ndi wa matebulo, pa dashibodi amanyezimira ndiye dzuwa likawomba kuwala kumabwerera pa windisikirini woyendetsa saona bwino, komanso amakoka fumbi. Chilichonse choterera, kaya ndi cha silikoni kaya polishi, chisafike pa chiwongolero, pa giya ndi pa mapedulo, phazi likaterera pa buleki ndi ngozi imeneyo. Kansalu konyowa pang'ono ndi kokwanira masabata ambiri. Sikirini ija ya pakati musaipopere mankhwala, kansalu kofewa kouma basi, ngati pali zala nyowetsani kansaluko pang'ono osati sikiriniyo. Handy Andy wa kirimu uja ali ndi timchenga tokhulira masinki, asayandikire mipando yachikopa kapena pulasitiki yakuda yonyezimira ija.
Magalasi ngati ali ndi tinti musagwiritse mankhwala okhala ndi ammonia, tinti nthawi zambiri ndi pepala lomata mkati ndiye limafuwa nkuyamba kusintha mtundu. Galasi lakumbuyo pukutani motsatira timizere ta hita tija, osati modula.
Ndipo ndalama, ndolo, ma sunglasses, chilichonse mwapeza pansi pa mpando ikani mukapu ya pakati ija nkuwauza pompo. Ena amasiya dala kuti akuoneni.

Yamikani, Randburg:
Zikomo achemwali, izi za tinti sindimadziwa. Tinsaluto ndizichapa bwanji?

Nachisale, Pretoria East:
Patokha, osasakaniza ndi zovala za thonje chifukwa timatola ubweya. Sopo wamadzi pang'ono, Sta-soft ayi, amatseka tiulusi take kenako sitimwanso madzi timangopaka. Osaita ayironi, osaika mu dryer yotentha, yanikani pamthunzi pomwe sipagwa zinyalala. Ta matayala tikhale m'jumbo yakeyake.
China, kuno October akafika majakaranda amagwetsa maluwa ndi zomatamata zija, kwanunso ku Randburg mitengoyi ilipo. Ndi zitosi za mbalame zija za ma hadeda. Zitosi musadikire Loweruka, zimadya penti makamaka kukatentha, ikani tishu kapena kansalu konyowa pamwamba pake mphindi zingapo zifewe kenako nyamulani, osakhula, muli timchenga ndi njere.

Kondwani, Leicester:
Ndadzuka mochedwa ndapeza mauthenga ambiri kkk. Zonse zanenedwazi ndi zoona koma ine ndikufuna ndinene za thupi lanu, chifukwa galimoto ndi ya bwana koma manja ndi anu. Kuno ma hand car wash ndi ambiri ndipo mankhwala amabwera m'zigubu za malita 25, ena amathiridwa m'mabotolo opanda lebulo. Pali awiri oti muziwaopa. Oyamba ndi TFR, ochotsa litsiro la mumsewu, ambiri mwa iwo ndi a caustic, akachuluka mphamvu amatuwitsa mapulasitiki ndi aluminiyamu ndipo manja amasuwa ndi kung'ambika. Achiwiri ndi asidi wa marimu. Ena mwa iwo muli hydrofluoric acid, ameneyu ndi woipa chifukwa akakudonthera sumva kuwawa nthawi yomweyo, amalowa pakhungu mwakachetechete, ululu umadzayamba patapita maola, pansi pa zikhadabo makamaka, ndipo amatha kufika mpaka pafupa. Akakugwerani tsukani ndi madzi ambiri nthawi yaitali kenako kuchipatala tsiku lomwelo, jambulani lebulo ya chigubu muwaonetse, mankhwala ake ndi calcium gluconate gel, Vaseline sathandiza. Magolovesi a nitrile, majombo, ndipo popopera imani kumene mphepo ikuchokera.
Pa galimoto ya panyumba asidi simukumufuna nkomwe. Shampu yemweyo ndi bulashi zimakwana ngati mukutsuka sabata iliyonse. Marimu akakhala kuti anakakamira gulani iron remover, amene amasanduka pepo akakumana ndi fumbi la mabuleki, Sonax ali nayo, amanunkha ngati mazira owola koma ndi wofatsa. Marimu akhale ozizira ndipo asaumirepo.

Bambo a Tadala, Bellville:
Apo mwanena a Kondwani. Ndipo Jik asasakanizidwe ndi mankhwala ena alionse, kaya asidi kaya a ammonia, mpweya wake umatseka chifuwa, anyamata ena amachita zimenezi pofuna kuyeretsa makapeti

Kondwani, Leicester:
Eya. Kuno vuto lina ndi mchere umene amathira m'misewu nthawi yozizira, umadya kunsi kwa galimoto ndiye timapopera kwambiri mkati mwa ma mudguard. A Gift ku Durban ndi a ku Cape Town mphepo ya kunyanja imachitanso zomwezo pang'onopang'ono. Za ine zokonda ndi Autoglym, Super Resin Polish yawo imabisa timizere tating'ono bwino ndithu ndi dzanja lokha, ku Halfords imapezeka, kaya kumeneko

Yamikani, Randburg:
Ndiye timizere tilipo kaleti tingachoke? Bwana ali ndi Kärcher, makina opopera madzi mwamphamvu aja, komanso ndaona kamakina kopolishira mugalaja

Che Saidi, Mayfair:
Kamakinako usakagwire mphwanga, ndikupempha. Pamwamba pa penti pali vanishi yopyapyala kwambiri yotchedwa clear coat, kupolisha ndi kusenga vanishiyo pang'ono kuti ifanane ndi pansi pa mzere, ndiye munthu wosazolowera akaimitsa makina malo amodzi kapena pa kona ya boneti amaboola, ndipo ikabooka palibe mankhwala, ndi kwa panel beater basi, malipiro ako a mwezi sakwana. Yesa ndi chikhadabo, ngati chikukodwa mumzere ndiye kuti ndi wakuya, polishi sangauchotse. Timizere ta kangaudeto timachepa ndi polishi wa Meguiar's wotchedwa Ultimate Compound pa kasiponji kofewa ndi dzanja, kamalo kakang'ono kaye kobisika, kenako wakisi pamwamba. Koma zimenezo bwana avomere yekha ndipo agule yekha, si za mu R500.
Kärcher gwiritsa koma ima patali, masentimita 30 kapena kuposa, nozo yotambasula madzi osati yozungulira ija ya peving'i. Pomwe penti inatemeka ndi mwala, pa masensa a bampala ndi m'mbali mwa matayala usayandikize. Injini usatsuke ngakhale akuuze kuti ingowaza pang'ono, magalimoto amasiku ano ndi mawaya ndi makompyuta okhaokha.

Nachisale, Pretoria East:
Ndipo Loweruka musanathire dontho la madzi jambulani vidiyo galimoto yonse padzuwa, marimu onse anayi, mabampala, muwatumizire bwana pa WhatsApp kuti nayi mmene ndaipezera. Mwaulemu bwinobwino. Tsiku lina madam akadzakhula rimu pa peving'i ya ku mall mudzandithokoza

Gift, Durban:
kkkkk achemwali mwalasa. Polishi wa matayala musaiwale, galimoto yopanda matayala akuda siinatsukidwe

Bambo a Tadala, Bellville:
Wa matayala apake ndi kasiponji m'mbali mokha, osapopera, akafika pa ma disc a buleki kapena popondera msewu ndi vuto, ndipo achepetse chifukwa wochuluka amawazikira pa zitseko galimoto ikangoyenda. Pa njinga yamoto osapaka nkomwe

Yamikani, Randburg:
Ndalemba. Ndowa ziwiri zoonjezera, ma mitt awiri, thawulo lalikulu, paketi ya tinsalu, Shield, bulashi ya matayala ndi magolovesi. Ikakwana ndiye wa matayala

Che Saidi, Mayfair:
Ndowa ukagule ku China Mall kapena kwa ma Pakistani, usaonongere ndalama ku shopu ya magalimoto. Thawulo lokha ndiye usaumire, gula labwino. Ubweretse risiti kwa bwana ndi chenji yake

Gift, Durban:
Ndipo siponji yachikasuyo unditumizire ine kulenki kuno ikagwira ntchito mpaka December