Injini yachiwiri: ndigule yatsopano imodzi kapena za kaunjika zingapo?

Wa ku Balaka:

Moni akuluakulu. Ndabwera kudzapempha nzeru kwa inu amene mumasunga tisitima tamagetsi, tija toyenda pa njanji zoyala pathabwa.

Ndimakhala ku Nottingham, ntchito yanga ndi yausiku, yosamalira okalamba. Kwathu ndi ku Balaka, ndipo nyumba yomwe ndinakuliramo inali kufupi ndi siteshoni. Chomwe chinkandiimitsa panjira sichinali sitima yothamanga ayi. Chinali mutu wa sitima ukamasankha mabogi: kubwerera chammbuyo pang'onopang'ono, kugunda bogi kuti kho, kulikoka, kukalisiya pa njanji ina, bambo wa mbendera akuyenda pambali osathamanga n'komwe. Zimenezo ndi zomwe ndikufuna kuona pathabwa langa.

Chaka chatha ndinagula seti ya oyamba kumene, ya saizi ya OO: kainjini ka mawilo anayi, mabogi atatu, njanji yozungulira ndi kontirola wamba. Ndinawonjezera mphambano ziwiri ndi kanjanji kosungirako mabogi. Ndikamaliza, thabwalo ndimalilowetsa kunsi kwa bedi. Vuto ndi lakuti kainjiniko sikadziwa kukwawa. Ukapotokola pang'ono kamangolira osasuntha, ukawonjezera kamadzambatuka n'kuliyatsa liwiro, ndipo pamphambano kamaima mpaka ukakankhe ndi chala.

Ndasunga mapaundi 170. Mu shopu ina muli Class 08 yatsopano, ija yosankha mabogi, pabokosi alemba kuti DCC Ready. Koma pa msika wa tisitima takale womwe umachitikira mu holo ina kuno ndinaona kuti ndalama yomweyo ingandigulire injini zinayi kapena zisanu za makampani a Lima ndi Tri-ang. Mtima ukukokera ku zambirizo, sindibisa.

Inu mukadakhala ine mukadatani? Nanga DCC Ready imeneyi iyenda ndi kontirola yangayi, kapena ndigulanso zina? Ndikuganizanso zodzapita nazo kumudzi tsiku lina kuti ana a mlongo wanga akaone, kodi kumeneko zikayenda? Pomaliza, alipo amene anaonapo kainjini kogulitsa kale kofanana ndi za njanji ya kwathu?

Mdala wa ku Germiston:

Mphwanga, funso loyamba mwaliyankha nokha pomwe mwati mukufuna injini yokwawa. Gulani imodzi yatsopanoyo.

Ndikunena izi ndili munthu wokonda za kaunjika. M'kabati mwanga muli za Lima za njanji za kuno ku South Africa, Class 34 ya dizilo ndi 5E yamagetsi, ndipo sindingazigulitse kwa munthu. Koma anazipangira kuzungulira mwaliwiro zikukoka mabogi. Mota yake ndi yophwatalala ngati chitumbuwa, imayendetsa mawilo a kumapeto kumodzi kokha, ndipo ena mwa mawilowo anawaveka timalabala kuti asamaterereke. Wilo lovala labala silitapa magetsi. Choncho injini yonse imadalira mawilo ochepa, kadothi kakangokhala pa njanji, basi yaima. Zatsopano zambiri zimatapa magetsi ndi mawilo onse, n'zolemera, ndipo zili ndi flywheel, kachitsulo kolemera komwe kamapitiriza kuzunguza mota magetsi akaduka kwa kamphindi. N'chifukwa chake zimawoloka mphambano osadodoma.

China ndi milomo ya mawilo, ija imagwira m'kati mwa njanji. Zakale, makamaka za Tri-ang, milomo yake ndi yaitali ndiponso yokhuthala. Pa njanji za Code 100 (nambalayi imasonyeza msinkhu wa chitsulo cha njanji), zomwe zimabwera m'maseti, zambiri zimayenda, ngakhale zina zimadumpha pamphambano. Tsiku lomwe mudzagule njanji zazifupi msinkhu za Code 75 mudzazimva zikugogoda pa timipando togwira njanji.

Nthawi ya kaunjika idzafika, ndipo ikadzafika musadzatulutse ndalama musanaione injini ikuyenda. M'misika yambiri pamakhala kanjanji koyeserapo. Pakapanda, muziyenda ndi batire la 9V, lija la makona anayi. Gunditsani mitu yake iwiri pa mawilo a mbali zonse ziwiri, mota iyenera kuzungulira. Tcherani khutu: mukamva te, te, te paliponse wilo likamaliza kuzungulira, giya yang'ambika. Inunkhizeni, fungo la zopserera silibisika. Itembenuzeni muone chitsulo cha pansi. Chikakhala chotupa kapena cha ming'alu yambirimbiri, isiyeni pomwepo, chitsulo chotere chimangonyenyeka ndipo palibe guluu wochichiritsa.

Mukaona ya Märklin yokhala ndi kachitsulo kotsetsereka pansi pamimba, imeneyo ndi ya magetsi a mtundu wina, a AC, ndipo imawatapa pakati pa njanji. Pa njanji zanuzo ingochita shoti.

Wamawaya (Leeds):

Achimwene, amdala anena zoona. Ine ndithirepo ndemanga pa za DCC.

DCC Ready ikutanthauza kuti m'kati muli soketi yodikirira decoder, kachipangizo kolandira uthenga wochokera ku kontirola ya DCC, koma decoder yeniyeniyo mulibe. M'soketimo anangotsekamo kapulagi kolumikiza mawaya. Ndiye imeneyo ndi injini ya DC wamba, iyenda ndi kontirola muli nayoyo tsiku lomwelo. Akalemba DCC Fitted ndiye kuti decoder ilimo kale. Zokhala ndi sipika, zolira ngati injini yeniyeni, mtengo wake umakwera kwambiri, 170 yanuyo siifikako.

Pa DC mumalamula njanji. Mukapotokola, magetsi amakwera kufika cha m'ma 12V, ndipo injini iliyonse ili pa njanjiyo imamvera nthawi imodzi. Pa DCC magetsi amakhala pa njanji nthawi zonse, kontirola imangotumiza uthenga ku nambala ya injini yomwe mwaisankha. Decoder yatsopano imabwera ili pa nambala 3, inu mumasintha. Kwa munthu wa injini ziwiri ndi thabwa limodzi, DC ikukwanira. Kainjini kakaleko kaimikeni pa kanjanji kanu kosungirako mabogi. Mphambano za m'maseti zimadula zokha magetsi kumbali yomwe sizinaloze, ndiye kakhala phee inayo ikugwira ntchito. Mukadzafuna DCC, yambani mwaona mtundu wa soketi, chifukwa pali 8-pin, 21-pin ndi Next18, ndipo sizilowana. Komanso injini yopanda decoder musadzaisiye itaima pa njanji ya DCC, mota imalira n'kumatentha.

Tsono pa Class 08 samalani, chifukwa si zonse zolembedwa dzinali zili zofanana. Yeniyeni, yomwe ku Britain anapanga 996 pakati pa 1952 ndi 1962, mawilo ake ali m'kati mwa felemu, kunja kumaoneka mikono yachitsulo yolumikiza mawilo atatu a mbali iliyonse. Zotsika mtengo zina anangotenga thupi la 08 n'kulikhazika pa chasisi ya injini ina, mawilo onse ali poyera. N'zolimba, n'zabwino kwa ana, koma kukwawa komwe mukufunako kuli pa yokhala ndi felemu kunja. Apempheni a mu shopu ayiyendetse pamaso panu, pa liwiro lotsikitsitsa, kutsogolo ndi kumbuyo. Shopu yabwino sikana zimenezo.

Onaninso makona anu. Njanji zopindika za OO zili m'magulu: yothina kwambiri ndi ya 371 mm, yachiwiri 438 mm, yachitatu 505 mm. Injini zambiri zamasiku ano pabokosi amalemba kuti zimafuna yachiwiri kupita m'mwamba. Mukadzalakalaka injini zikuluzikulu monga Class 66 kapena Flying Scotsman makona anu ali a 371, mudzayamba mwasintha njanji.

Mukafika nayo kunyumba musaimangirire mabogi msanga. Iyendetseni yokha pa liwiro lapakati, theka la ola kutsogolo, theka la ola chobwerera, kuti magiya akhazikike. Oyilo imabwera nayo kale. Ikadzafunika, kadontho ka pansonga ya singano, ka oyilo yopangira tisitima yomwe sidya pulasitiki. Mafuta ophikira kapena opopera pa maloko ayi ndithu. Ndipo ndalama ikatsalako, kapena mwezi wamawa, ganizirani kontirola yabwinopo, monga za Gaugemaster. Mudzadabwa kuti ngakhale kainjini ka mawilo anayi kaja kadzafatsako.

Mayi a mapasa (Area 25):

Bambo a ku Balaka, za kumudzizo ndikuyankheni ine. Achimwene anga anawabweretsera ana seti yotereyi kuchokera ku Britain, ndipo tinangoilumikiza kukhoma n'kuyamba kuyenda. Pulagi ndi yomweyo ya mano atatu, mphamvu ya magetsi ndi imodzimodzi, 230V. Chomwe ndimachita n'chakuti magetsi akazima ndimazula pulagi, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu.

Mdani wathu kuno ndi fumbi. Mwezi wa Okutobala, thabwa likagona usiku umodzi osafunditsa, m'mawa sitima ikungonjenjemera. Ndimafunditsa chitenje chakale. Poyamba ana ankayala njanji pamkeka, ndiye ulusi ndi tsitsi zinkakulungika pa timipiringidzo ta mawilo, ndinkachotsa ndi kopanira nsidze. Pano zili patebulo. Njanji timapukuta ndi kansalu konyowetsa ndi spiriti, mawilo ndi timitengo ta thonje tija totokosera m'makutu. Muone mmene thonje limadera! Sandipepa musayerekeze, imakanda njanji ndipo dothi limakamira m'mikandamo. Waya wotsukira mapoto ndiye woipiratu, tizidutswa take timakokedwa ndi maginito a mota.

Pobwera mutenge zosinthira zokwanira, timalata tolumikizira njanji ndi kabotolo ka oyilo. Kuno chikathyoka mudikira wobwera kuchokera kunja.

Wa ku Balaka:

Zikomo kwambiri nonse. Mayi, nditaweruka ndinayesa thonje ndi spiriti pa kainjini kanga, thonjelo linada bii, ndipo pamphambano imodzi kayamba kuwoloka kokha. Achimwene a ku Leeds, ndinakaiona 08 ija, ndi ya felemu kunja, soketi yake ndi 8-pin. Anaiyendetsa ine ndikuona, mikono ija ikukwera ndi kutsika moti ukhoza kuwerenga. Ndapereka chikole, ndikaitenga Loweruka. Za kaunjika zidikire kaye. Latsala ndi funso la injini ya kwathu lija, amdala.

Mdala wa ku Germiston:

Mwachita bwino, mphwanga.

Ya kwathu yeniyeni, yopentedwa kale mitundu ya Malawi Railways, m'mabuku a katundu a Hornby kapena Bachmann mulibe. Makampani amenewa amapanga zomwe ogula awo amaziona pa njanji za kwawo. Koma pali nkhani ina yomwe muyenera kuidziwa, ya kutalikirana kwa njanji. Yathu, kuyambira ku Limbe kudzera ku Nkaya ndi Balaka mpaka Salima ndi Mchinji, ndi ya 1,067 mm, chimodzimodzi ya Zambia, Zimbabwe, Mozambique ndi kuno ku South Africa. Ya ku Britain ndi 1,435 mm.

Saizi ya OO ndi 1:76, kutanthauza kuti sitima yeniyeni aichepetsa ka 76, ya HO ndi 1:87, koma zonse zimayenda pa njanji imodzi ya 16.5 mm. Mukachulukitsa 16.5 ndi 76 mupeza pafupifupi 1,250 mm, kusonyeza kuti njanji ya OO ndi yopapatiza kwa sitima ya ku Britain, komanso yotakata kwa ya kwathu. Za Lima zanga za South Africa ndi za HO pa njanji yomweyo ya 16.5, ndiye miyendo yake ndi yotangadza kuposa mmene ziyenera kukhalira, ndipo mukaziimika pafupi ndi 08 yanuyo zioneka zazing'ono. Ofuna muyezo weniweni amatenga HO n'kuiyendetsa pa njanji ya 12 mm, kapena amapanga za 1:64 pa njanji ya 16.5, monga amachitira anzathu a ku New Zealand. Njira zimenezi zambiri n'zomanga wekha ndi manja, si zongotulutsa m'bokosi.

Zongotulutsa m'bokosi za njanji ya 1,067 mm zambiri zili ku Japan, chifukwa njanji zawo zambiri ndi za muyezo wathu womwewu. Kato ndi Tomix amapanga pa saizi ya N, 1:150, njanji ya 9 mm, ndipo zimayenda mosalala kwambiri. Kungoti maonekedwe ake ndi a ku Japan, ndipo mungafunike kuyala thabwa lina.

Ine ndikadakhala pa OO monga inu, ndikadayamba ndi mabogi. A kaunjika n'ngotsika mtengo ndipo alibe mota yoti ikukhumudwitseni. Gulani otsekeka ndi otseguka angapo, onani kuti zokolera zake zikugwirana ndi za 08 yanu, muwatsuke ndi sopo, muwapente monga mukuwakumbukira. Mukapita kumudzi mukajambule mabogi pa Limbe, mutapempha chilolezo, ndiponso mukaone injini zakale za malasha zomwe zili pabwalo la Chichiri Museum, kuti mitundu ndi zilembo mudzatengere pa chinthu chenicheni. Penti yoyamba muyesere pa bogi lotsika mtengo kuposa onse, ndipo muzipaka mopyapyala kawiri kapena katatu, chifukwa yokhuthala imakwirira timizere ta matabwa ndi timisomali.